Melanesia yonse m'mbale imodzi

Ku Port Vila, likulu la Vanuatu, hotela iliyonse yodziwerengera ili ndi usiku umodzi pa sabata umene imautcha usiku wa Melanesia. Ina imatenga Lachiwiri, ina Lachinayi, ina Loweruka, ndipo akuti amatero dala kuti asalimbirane ovina, pakuti magulu a gule ozungulira m'mahotelamo ndi omwewo. Dongosolo lake silisintha. Dzuwa likamalowa amayatsa miuni mumchenga, anyamata a magitala n'kuyamba kuimba, mlendo aliyense n'kulawitsidwa kava. Kenako amavundukula mapoto pa thebulo lalitali loti aliyense adzitengere yekha: kanyenya wa ng'ombe, wa nkhumba, wa nkhuku ndi nsomba, pambali pake zakudya za pazilumba. Mimba zikadzadza ng'oma imalira, kumdima n'kutulukira amuna ovala masamba, mikondo ili m'manja. Pofika 9 koloko zonse zatha, mlendo akukagona ali wokhutira kuti Melanesia waidya, waimwa, waijambula.

Chimene mlendoyo sadziwa n'chakuti nayenso waonereredwa. Port Vila ndi tauni ya anthu pafupifupi 50,000 okha, ndipo banja lililonse lili ndi wina wake amene amaphika, kuperekera zakudya, kuvina kapena kulondera ku hotela ina. Zochitika usiku zimafika mumsewu dzuwa lisanatenthe, zitathiridwa kale mchere.

Zimayambira m'minibasi. Minibasi za kuno, za nambala yoyamba ndi B, zilibe siteji kapena njira yokhazikika. Umakwera, n'kuuza dalaivala kumene ukupita, iye n'kuona yekha amene ayambe kumutula. Ulendo wa makilomita awiri utha kukuzungulitsa tauni yonse, koma odandaula ndi ochepa chifukwa nkhani zimakhala zisanathe. Madalaivalawa yawo ndi ya masamu. Akuti Melanesia ndi Papua New Guinea ya zilankhulo zoposa 800, ndi Solomon Islands, ndi Fiji, ndi New Caledonia, ndi Vanuatu yemweyu wa zilumba 83 ndi zilankhulo zoposa 100 pa anthu ongopitirira 300,000. Munthu wa ku Tanna ndi wa ku Malekula akakumana samvana pokhapokha alankhule Bislama. Ndiye zonsezo hotela imazilongedza m'ola limodzi, pakati pa nyama ndi zipatso. Bungwe la Melanesian Spearhead Group, limene ofesi yake yaikulu ili mu Port Vila momwemu, lakhala likuchititsa misonkhano kuyambira m'zaka za m'ma 1980 kuti maikowa akhale amodzi. Madalaivala akuti atsogoleriwo akungomwaza ndalama za ndege, akanangolemba ntchito manijala wa hotela.

Ku msika, kumene amayi ochokera m'midzi ya pa Efate, chilumba chimene pali tauniyi, ndi tizilumba toyandikana amagona pomwepo pafupi ndi katundu wawo mpaka athe, za zilankhulo alibe nazo ntchito. Iwo chawapweteka ndi laplap.

Laplap ndiye chakudya cha fuko lino, ndipo kuphika kwake si kwa munthu waulesi. Umatenga chilazi, kapena koko, kapena nthochi zosapsa, kapena chinangwa, n'kupala mpaka zisanduke phala lolimba. Phalalo umaliyala pa masamba aakulu obiriwira, kuthira mkaka wofinya ku kokonati, kuika nkhuku kapena nkhumba pakati, kukulunga, kumanga. Pamenepo moto umakhala utatentha kale miyala. Mtolowo umauika pa miyalayo, ina n'kuisanja pamwamba, kuvundikira ndi masamba, n'kudikira maola awiri kapena atatu. Mabanja ambiri amauika Lamulungu m'mawa n'kupita kutchalitchi, pobwera wapsa. Aku Malekula ali ndi wawo wotchedwa sosor, woika miyala yamoto pakati penipeni kuti mkaka wa kokonati uzibwatira pomwepo, aliyense azinyema n'kusunsa. Amadya atazungulira pamphasa, ndi manja.

Tsono amayiwa akuti ku hotela laplap amamudula timabenthu ting'onoting'ono tokhala ngati sopo wa m'bafa la hotela momwemo, n'kubayapo kamtengo kotokosera m'mano. Wina akuti mphwake amene amatsuka mbale kumeneko anamuuza kuti miyala imene alendo amaiona ikufuka nthunzi ndi ya maso chabe, laplap weniweniyo amapsera mu uvuni wa gasi kukhitchini. Wina akutsutsa, akuti ku hotela ya mlamu wake amakumbadi, ndipo alendo amaitanidwa kuti adzaone povundukula. Pa chinthu chimodzi chokha onse akugwirizana: mlendo amatenga kabenthu kamodzi mwaulemu, kuluma pang'ono, kugwedeza mutu, n'kukabisa pansi pa fupa la nkhuku. Kenako amabwerera ku tchipisi.

Amayi oyala tuluk ndiwo akuyenda monyada. Tuluk ndi chinangwa chopala chokulunga nyama ya nkhumba mkati, chophikidwa m'masamba, ndipo wa ku mudzi wa Mele ndiye wotchuka. Ameneyu alendo amamumaliza, mwina chifukwa amagwirika m'dzanja limodzi pamene linalo lagwira foni. Zomvetsa chisoni ndi za aelan kabis, ndiwo ya masamba yoterera, ya mtundu umodzi ndi therere lobala. Akuti poto wake amabwerera kukhitchini ali tho, sipuni itaima pomwe anaiika. Amayiwa sakwiya nazo. Hotela imagulabe sabata iliyonse, pakuti usiku wa Melanesia wopanda aelan kabis sungaoneke bwino pa chithunzi. Ndipo imagula pa mtengo wolembedwa, chifukwa pamsika wa kuno sanenerera. Mlendo akayesa kutsitsa mtengo wa papaya amangomuyang'ana mwachifundo.

Pa kanyenya pokha palibe mkangano. Nyama ya ng'ombe ya ku Espiritu Santo ndi yabwino zedi, ndipo inafika pogulitsidwa mpaka ku Japan. Ng'ombezi zimadya msipu wa pansi pa mitengo ya kokonati m'minda ikuluikulu imene atsamunda anasiya. Alendo a ku Australia, amene kwawo amati nyama amaidziwa ndiwo, akuti amayamba ndi kupereka malangizo kwa wowotcha, n'kumaliza ndi kupempha ina. Pali nsomba yoyera ya m'madzi akuya yotchedwa poulet, imene imatha msanga. Pali ofunsa za nkhanu ya pamtunda yodya kokonati, chinkhanu chachikulu chimene chimatenga zaka zambiri kuti chikule. Boma linaika malamulo a kukula kwa yoyenera kugwidwa, ndipo malo ena odyera analeka kuiphika. Operekera zakudya akuti mlendo yemweyo amene masana amadandaula za chilengedwe, usiku amanong'oneza kuti kodi sizingatheke kumupezera imodzi. Za mleme, umene lesitilanti ina ya Chifalansa inatchuka nawo kwa zaka zambiri pouphika mu vinyo wofiira, amafunsa mokweza kuti anzawo amve, koma akauzidwa kuti ulipo amasintha nkhani.

Operekera zakudyawo ndiwo ali ndi malo abwino oonerera, ndipo kwa iwo gule weniweni ndi mzere wa pa thebulo. Akuti munthu amene tsiku lonse wangogona pamchenga amafika pamenepo ndi nkhope ya munthu wochokera kumunda. Mbale imodzi amasanjapo nsomba, soseji, mpunga, chinanazi, nkhumba, keke, supu n'kuthira pamwamba pa zonsezo, n'kumayenda mwapang'onopang'ono chigongono chitatchinga. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kuno amagwera pa mpando wa pulasitiki, lamba atamasula. Atsikana a kukhitchini akuti amabetcherana kuti ndi thebulo liti libwerere kanayi, ndipo amene amapambana kawirikawiri ndi amene wasankha thebulo la anthu oonda.

Achikulire amene anagwira ntchito m'nthawi ya atsamunda amawerenga mzerewo mwa njira yawo. Dzikoli, lisanalandire ufulu pa 30 July 1980, linkatchedwa New Hebrides, ndipo kuyambira 1906 linkalamulidwa ndi Britain ndi France nthawi imodzi: apolisi awiriawiri, sukulu ziwiriziwiri, ndalama za mitundu iwiri, ndende ziwiri. Nthabwala yakale imati wogwidwa ndi mlandu ankasankha ndende ya Afalansa chifukwa cha chakudya. Madalawa akuti kusiyanako kudakalipo. Mfalansa wochokera ku Nouméa amalawa chilichonse n'kudandaula chilichonse. Wa ku Brisbane amatamanda chilichonse koma amadya soseji. Onse awiri akamaliza amafuna kusiya kangachepe pa thebulo, woperekera n'kuwathamangira nako, chifukwa kuno mphatso imafuna kubwezedwa ndipo yosabwezeka ndi ngongole. Anyamata a masiku ano akuti mwambo umenewu ndi wabwino, koma sakanadandaula ukanapumulako Lachinayi lokha.

Mu 2006 bungwe la New Economics Foundation la ku Britain linaika Vanuatu pa nambala 1 pa mndandanda wake wa Happy Planet Index. Operekera akuti kuyambira pamenepo munthu sangayerekeze kudwala dzino ali pantchito. Mlendo anawerenga kale m'ndege kuti uyenera kumwetulira.

Koma komwe usiku wa Melanesia umang'ambidwa bwino ndi ku nakamal, malo omwera kava. Dzuwa likapendeka, m'mbali mwa misewu mumayaka tinyale tofiira, tobiriwira kapena tabuluu, kusonyeza kuti kava wakonzeka. Kanyale kakazima ndiye kuti watha. Mkati mwake ndi mwa mdima, mabenchi ndi a matabwa, anthu amalankhula monong'ona. Kava ndi muzu wa chitsamba cha mtundu wa tsabola. Ku Fiji amauyanika n'kuusinja, koma kuno amagaya wauwisi, m'tauni ndi makina ogayira nyama, pa zilumba zina ndi mwala wa m'nyanja, ku Tanna anyamata amachita kutafuna. N'chifukwa chake wa kuno ndi waukali. Si mowa. Mtundu wake ndi wa matope, kukoma kwake palibe amene anakuyamikirapo, milomo ndi lilime zimachita dzanzi, thupi limafooka, maso amakana kuwala, mtima n'kukhala pansi.

Kamwedwe kake kali ndi malamulo. Umamwa usanadye. Umagula chigoba chako, kupita nacho pambali, kufulatira anzako, kumwa chonse kamodzi uli chiimire, kulavula, kutsuka m'kamwa, n'kudzakhala phee. Eni ake amati ukumvetsera kava. Pambali pamakhala amayi ogulitsa tizakudya tochotsera kuwawa m'kamwa: kachidutswa ka papaya, kaphiko ka nkhuku, kachinangwa kowiritsa.

Ndiye tangoganizani mmene anthu otere amamvera akauzidwa za ku hotela. Akuti kumeneko kava amamwa atakhala pa mpando, magetsi ali ngwee, magitala akulira, botolo la mowa wa Tusker lili m'dzanja linalo. Akuti amamwa pang'onopang'ono, kumanunkhiza kaye, ena kumafunsa ngati muli shuga. Akuti ena amene anadzera ku Fiji amaomba m'manja asanamwe ndi atamwa, poganiza kuti akulemekeza mwambo, osadziwa kuti ku nakamal phokoso ndilo chipongwe chachikulu. Mkulu wina wa ku Pentecost, wodziwika pa benchi yake, akuti anafunsa mlamu wake amene amasakaniza kava wa ku hotelayo kuti kodi alamu, muzu uja mumauviikadi m'madzimo kapena mumangousonyeza chidebe chili patali. Mlamuyo akuti anayankha kuti tsiku lina anayesa kupanga weniweni, alendo theka anagona gule asanayambe, manijala n'kumuopseza kuti amuchotsa ntchito. Kaya zinachitikadi, koma nkhaniyi imakambidwa m'ma nakamal angapo, ndipo kulikonse mlamuyo amakhala wa munthu wina.

Aku Tanna amawonjezera lawo. Kwawo mkazi safika pa nakamal nthawi ya kava, ngakhale kuyang'anako. Ku Port Vila lamulo limeneli linafooka kale, akazi amamwa m'malo ambiri, koma kumva kuti ku hotela woyamba kulandira chigoba amakhala gogo wachizungu wovala kabudula kumawasiyabe kakasi. Ena amakumbutsa kuti dziko la Germany linaletsa mankhwala a kava mu 2002 ponena kuti amawononga chiwindi, alimi kuno n'kugwa nazo, mpaka khoti la komweko linadzatsutsa chiletsocho mu 2014. Chaka cha 2002 chomwecho Vanuatu inakhazikitsa lamulo la kava lolekanitsa mitundu yabwino ndi ina yoipa yotchedwa tudei, imene imakugwira masiku awiri. Akuti lero zidzukulu za oletsawo zikulipira mavatu, ndalama za kuno, zikwi zingapo kuti zilawe madzi otsukira chidebe, pamene tsidya la msewu weniweni ali pa mtengo wa ndalama yachitsulo.

Za magule ndiye zimautsa mapiri pachigwa, chifukwa kuno gule ali ndi mwini. Ku Ambrym kuli gule wa Rom, wa zigoba zazitali zosongoka kumutu ndi chovala cha masamba ouma a nthochi chofika pansi. Ufulu wopanga chigobacho umagulidwa ndi nkhumba, ndipo akatha kuvina chovalacho amachitentha. Nkhumba zake si wamba: amazigulula mano a m'mwamba kuti a m'munsi akule mopindika mpaka kuzungulira, ntchito ya zaka zambiri. Dzino lotero ndilo lili pa mbendera ya dzikoli, ndi pa botolo la mowa lija. Ku Banks kuli gule wa njoka ya m'nyanja, amuna atapaka thupi lonse mizere yoyera ndi yakuda. Ku Pentecost kuli naghol, amuna kudumpha pa nsanja yaitali atamanga zilambe m'miyendo, pakati pa April ndi June pamene zilambezo zili zolimba bwino. Mu 1974 anachitira Mfumukazi Elizabeth II nyengo yake isanakwane, zilambe zinaduka, munthu anafa. Mu 1992 ena atafuna kukachitira naghol ku Santo, nkhani inakafika ku khoti lalikulu, ndipo linagamula kuti kwawo kwa naghol ndi ku Pentecost.

M'dziko lotere, gulu la anyamata a chilumba chimodzi likavina gule wa chilumba china ku hotela, m'mawa mwake mafumu a m'tauni amakhala ndi mlandu woti aweruze. Akuti nthawi zambiri umatha ndi mphasa, muzu wa kava ndi kugwirana chanza. Ovina anzeru anaphunzirapo. Amavina za kwawo zokha, kapena amapeka gule watsopano wa ku hotela, wongofanana ndi weniweni koma wopanda mawu oletsedwa ndi masitepe a mwini. Mlendo sazindikira, mfumu ilibe poyambira, aliyense akugona bwino. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali luso lenileni la usiku wonsewo, kuposa lowotcha nyama: kugulitsa chinthu chooneka chopatulika, chopatulikacho chili chikhalire kumudzi.

Ankhondo aja olumpha kuchokera kumdima ndi mikondo tauni imawadziwa ndi maina. Uyu amayendetsa minibasi masana, uyo akuphunzira zamalamulo pa Emalus, nthambi ya University of the South Pacific, winayo ndi mlonda pa banki. Akuti pansi pa masambawo pamakhala kabudula wa mpira, ndipo m'kabudulamo muli foni. Imakambidwa nkhani ya wankhondo amene anakweza chibonga pamwamba pa mutu wa mlendo, maso ali psuu, foni n'kulira nyimbo ya kwaya. Alendo akuti anaomba m'manja poganiza kuti ndi mbali ya gule. Amayi a ku Gaua ndi Merelava amene amaimba ndi madzi, ataima m'madzi olekeza m'chiuno n'kumawamenya ndi zikhato mpaka kutulutsa mawu a ng'oma, a mvula ndi a mafunde, nawo amaitanidwa. Hotela ina imawalowetsa m'dziwe losambira. Akuti madzi a mankhwalawo salira bwino ndipo amawawa m'maso, koma ndi ofunda kuposa a m'nyanja usiku, choncho sanakane.

Pa gule wa moto achikulire ndi anyamata sakumvana. Lachisanu madzulo ku gombe la Mele anthu amadzadza kukaonerera anyamata akuzunguza miuni ndi kulavula malawi, ndipo mahotela anatengera. Madala akuti makolo awo sanavinepo ndi parafini, zimenezo n'za ku Samoa ndi Hawaii. Anyamata sakana. Amangofunsa kuti nanga gitala anabwera ndi ndani, ng'ombe ya pa kanyenyayo inabwera ndi ndani, chinangwa cha mu tuluk si cha ku South America kodi. Akuti ngati chilichonse chobwera pa sitima chichotsedwe pa usiku wa Melanesia, patsala chilazi, koko, nkhumba ndi aelan kabis, ndiye tione amene alipire. Madala amayankha kuti mwana wa masiku ano ukamuphunzitsa sukulu amakuyankha ndi mbiri yakale. Gulu la magitala, lija la ukulele ndi bezi ya chingwe chimodzi chomangirira pa bokosi, silimalowerera. Lawo dandaulo ndi lakuti likaimba nyimbo za kwawo alendo amadya, likaimba za Bob Marley alendo amaimirira.

Amayi a mvano ali ndi yawo, ndipo amaikamba akuseka mpaka misozi. Amishonale atafika m'zaka za m'ma 1800 anaveka akazi a kuno diresi lalitali lotaya, la manja otukumuka ndi maliboni, kuti thupi lisaoneke. Diresi limenelo lero ndilo chovala cha fuko, amavala kutchalitchi, ku ukwati, ngakhale posewera kiriketi. Tsono akuti azungu oyamba anabwera kudzatiuza kuti tivale, ana awo akubwera ndi ndalama kuti tivule, ndipo akubwerawo ndi amene ali osavala kwenikweni. Mtsikana amavina mu siketi ya udzu Loweruka usiku, Lamulungu m'mawa ali kutsogolo kwa kwaya mu diresi lofika m'akakolo, ndipo chopereka chake chachokera ku siketi ija. Abusa ena amadzudzula pa gome. Ena amangowerenga chopereka.

Ndiye pali nthabwala ya kudya anthu, imene sipita sabata osamveka. Pamakhala bambo mmodzi, kawirikawiri wofiira ndi dzuwa, amene amafika pa kanyenya n'kufunsa ngati nyamayo ndi ya mmishonale. Wowotchayo, amene akuti ndi mkulu wa mpingo wa Presbyterian, amaseka kuchita kugwira m'mimba, ngati kuti akuimva koyamba. Mbiri yake ilipo ndithu. Mu November 1839 John Williams wa London Missionary Society ndi mnzake James Harris anaphedwa pa chilumba cha Erromango, kumene amalonda a mitengo yonunkhira anali atazunza anthu, ndipo matupi awo anadyedwa. Mu 2009 a pa chilumbacho anaitana zidzukulu za Williams, panachitika mwambo wopepesana wa misozi, gombelo n'kulitcha Williams Bay. Anthu amene anatseka nkhani yawo mwaulemu chotero ndi omwewo amene amayenera kuisekerera Lachinayi lililonse. Komabe tisawamvere chisoni kwambiri. Pa Mystery Island, pafupi ndi Aneityum kumene mmishonale John Geddie anafika mu 1848, eni ake anaika chimphika chachikulu choti alendo a pa sitima azilowamo n'kujambulitsa, polipira. Akuti ngati nthabwalayo siifa, bola izibereka.

Pansi pa kuseka konseku pali nkhani ya ndalama, ndipo imeneyi amaikamba motsitsa mawu. Zaka zapitazi sizinawakomere. Namondwe Pam anasesa mu March 2015. Matenda a Covid anatseka malire kuyambira March 2020 mpaka July 2022. Mu March 2023 anamondwe awiri, Judy ndi Kevin, anabwera motsatizana sabata imodzi. Mu May 2024 kampani ya ndege ya Air Vanuatu inagwa, ndipo pa 17 December chaka chomwecho chivomezi cha mphamvu ya 7.3 chinagwetsa nyumba pakati pa tauni n'kupha anthu 14. Nthawi iliyonse miuni ya mumchenga ikazima, wovina, wopala chilazi, msodzi ndi dalaivala onse amaumva. N'chifukwa chake ngakhale onyoza kwambiri a ku nakamal safuna kuti usiku wa Melanesia uthe. Amafuna uzipitirira kuti azikhala ndi chonyoza, ndiponso kuti mlamu uja azitha kuwagulira chigoba.

Vuto la atsogoleri a magulu a gule tsopano ndi kusowa anthu. Kuyambira 2007 New Zealand imatenga anthu a kuno kukathyola zipatso, Australia inatsatira, ndipo anyamata amphamvu, omwe aja oyenera kugwira mkondo, ndiwo amapita. Akuti mtsogoleri amaphunzitsa wankhondo miyezi itatu, akangoyamba kuopsa bwino n'kumva kuti ali ku Queensland akudula nthochi. Madala amakumbutsa kuti ku Queensland komweko ndi kumene makolo awo ankatengedwa, ena mwachinyengo, kukalima nzimbe pakati pa 1863 ndi 1904, kusiyana kwake n'kwakuti pano amachita kulimbirana mafomu. Gulu lina akuti latsala ndi agogo awiri ndi ana asukulu, ndipo alendo akulikonda kuposa kale. Pali ndi kena kamene anthu a m'midzi yozungulira tauni amakatchula mwa apo ndi apo. Malamulo a dziko amati malo onse ndi a eni nthaka, mlendo sangagule, amangobwereka mpaka zaka 75. Gombe lambiri la Efate linabwerekedwa motero. Ndiye zimachitika kuti mnyamata akuvina pa mchenga wa agogo ake, atalowera pa geti la antchito.

Chomaliza pa usikuwo ndi kuitana alendo kuti adzavine nawo, ndipo apa antchito onse amasiya zimene akuchita, ophika n'kusuzumira pa zenera. Pagule fumbi ndiwe mwini, koma fumbi lina limadabwitsa. Akuti amayi ndi ana amadzuka msanga. Abambo amakana katatu, kenako akadzuka safunanso kukhala pansi, amaponda nthaka ndi mphamvu zonse za nyama ya ku Santo, ena mpaka kupempha mkondo. Ovina anaphunzira kusawapatsa. Mayendedwe a bambo wotere amakhala akutsanziridwa ku Freswota ndi ku Seaside, madera a m'tauni muno, sabata yonse, ana n'kumupatsa dzina limene iye sadzalimva.

Yatsopano imene yavuta sabata ino ndi ya makombo. Mahotela ena amalola antchito kutenga zotsala m'mapoto, ena amakaniza, ndipo akuti mlonda wina ndi khukhi wamkulu sakulankhulana chifukwa cha mwendo wa nkhumba umene unasowa pakati pa khitchini ndi geti. Koma zokokota m'mbale za alendo, timabenthu tija ta laplap tolumidwa kamodzi ndi aelan kabis wosakhudzidwa, zimapita mu zidebe, ndipo m'mamawa kumabwera bambo wina wa kumudzi ndi kagalimoto kudzazitenga. Amaweta nkhumba. Amayi a ku msika akuti nkhumba zake ndi zonenepa kuposa za wina aliyense pa Efate, ndipo amazigulitsa ku hotela yomweyo.